Mapale a Mtsuko wa Amayi

Dongo likagona m'masamba a nthochi limakhala ndi fungo lakelake, losiyana ndi la dothi la m'munda mvula ikagwa. Ndi fungo lozizira, longa la pakona pamene pamakhala mtsuko wa madzi. Mpaka lero ndikavundukula dongo langa m'mawa kuno ku Cuamba, fungolo limandinyamula n'kukandikhazika kuseri kwa nyumba ya Abiti Selemani, m'chilimwe chija tinali m'kati mwa waya ku Mitande. Ndinali ndi zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali nditaswa mtsuko wa amayi anga.

Kwathu kwenikweni kunali cha ku Itepela. Nkhondo yomenyera ufulu itakula, asilikali a Chipwitikizi anabwera ndi malole n'kusonkhanitsa anthu a midzi yambiri pamalo amodzi, kuti tisamapereke chakudya kwa omenya nkhondo a m'tchire. Malowo ankawatcha aludeyamento. Nyumba zinali m'mizere ngati chimanga, ndipo kuzungulira konse kunali waya waminga wa chipata chimodzi. Tsiku losamuka, munthu ankatenga zokhazo zimene manja ake akanatha. Amayi anasiya mtondo, anasiya mphasa ziwiri ndi nkhuku zomwe, koma mtsuko anaufungatira pamiyendo ulendo wonse.

Mtsukowo anaumba ndi akulu awo a amayi, amene ife tinkawatchula kuti amayi aakulu. Iwo sanakwere nawo lole. Anathawira kutchire ndi amuna awo kutatsala masiku awiri, ndipo chichokereni panalibe amene anabwera ndi mbiri yawo, yabwino kapena yoipa. Pakhosi pa mtsuko anali atadindapo chala chawo chachikulu dongo likadali lofewa. Amayi akamatunga madzi ndi chikho, chala chawo chinkapita chokha pachidindopo n'kukhalapo kanthawi. Ine ndinkaona zimenezi tsiku ndi tsiku, koma ndinkangoti ndi pogwirira.

Abambo ankagwira ntchito ya njanji ku Cuamba. Chimanga chitangokololedwa kumene, uthenga unafika woti chitsulo chawagwera pamwendo ndipo ali gone. Amayi anavutikira giya, chikalata chija chololeza munthu kuyenda, kwa masiku atatu, ndipo ataipeza anandisiya m'manja mwa ang'ono awo, amayi aang'ono a Patuma. Ponyamuka anandiitanira m'nyumba n'kundiloza pakona. Anati kuchitsime ndizipita ndi lata, chitini chija cha palafini, madzi ndizidzathira mumtsuko kunyumba. "Lukiya, china chilichonse chiwonongeke," anatero, "koma uwu ndidzaupeze."

Mlungu woyamba ndinamvera. Koma lata yathu inali yadzimbiri, yolira kwakwata ukangoponda mwala, ndipo anzanga ankandimvera patali n'kuyamba kuseka ndisanafike. Atsikana akuluakulu ankasenza mitsuko osagwira, manja akugwedezeka m'mbali, khosi lili njo. Ine mtima unkandiwawa. M'mawa wina amayi aang'ono ali kumunda, ndinapinda nkhata n'kunyamula mtsuko wa amayi.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti kunadutsa ndege n'kundidzidzimutsa. Linali bodza. Sikunadutse ndege, sikunalire mfuti. Ndinangochotsa manja kuti anzanga aone kuti inenso ndakula, ndinayenda mapazi asanu ndi limodzi, ndipo lachisanu ndi chiwiri linatera pamuzu. Mtsuko unagwa kumbuyo kwanga n'kumveka phwaa, madzi ozizira n'kundithira m'zidendene. Anzanga amene ankaseka lata sanaseke. Anandithandiza kutola mapale onse, ngakhale tating'ono tonga zikhadabo, ndipo ndinawamanga m'kapulana yakale, nsalu ija amavala amayi, n'kukawakwirira pansi pa thandala la mbale.

Amayi aang'ono sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anayang'ana pakona popanda kanthu paja, n'kunena kuti madzi akatayika saoleka. Anati iwo satumiza uthenga ku Cuamba chifukwa mwini mtsuko ali kale ndi zolemera, koma sadzandibisanso. Mlandu unali wanga, ndidzauyankha ndekha. Kenako nzeru ya chibwana inandifikira, ndipo ndinaiona ngati nzeru yaikulu: ndiumbe mtsuko wina wofanana ndendende, ndiuike pakona, amayi asadzadziwe kanthu. Zoti mudzi wonse unali utamva kale za kuchitsime sindinaziganizire n'komwe.

Woumba mbiya m'kati mwa wayamo anali mmodzi yekha, Abiti Selemani. Anali mayi wachiyao wa cha ku Mandimba, wamtali, wouma thupi, wa mpango woyera umene sunkadetsedwa ngakhale akhale m'dongo tsiku lonse. Amuna awo ankagulitsa fodya ndi mchere panjinga m'malire muja nkhondo isanatseke njira. Ana ankawaopa chifukwa pakamwa pawo panali pakuthwa. Ndinapita n'kugwada chapatali, ndipo ndinadikira mpaka atamaliza mlomo wa mphika umene ankaumba. Nditanena kuti ndikufuna kuphunzira, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Si iwe woswa mitsuko uja?" anafunsa. "Chabwino. Kuswa wakhoza kale. Bwera mawa ndi dengu."

Dongo linali kunja kwa waya, m'mbali mwa kamtsinje kouma, ulendo wotopetsa ndithu. Chipata chinkatsegulidwa dzuwa litatuluka, ndipo aliyense ankayenera kulowanso lisanapendeke kwambiri. Abiti Selemani ankakumba ndi kakhasu kakutha. Dothi lapamwamba ankalikankhira kumbali, kufuna lapansi, lotuwa, lonyezimira pang'ono. Ankatsina kachidutswa, kukanyowetsa ndi malovu, kukapota pakati pa zikhato n'kukakulunga pachala. Kakathyoka tinkasuntha, kakapindika osang'aluka tinkadzaza madengu. Dengu la dongo limalemera kuposa la chinangwa, ndipo khosi langa linadziwa zimenezo tsiku loyamba lomwe.

Pachipata asilikali ankasecha akatundu onse, potuluka ndi polowa. Panali msilikali wina wachikuda, wa kwathu konkuno, amene sankakhulupirira kuti anthu anzeru zawo angasenze dothi. Ankabaya dongo lathu ndi kamtengo uku ndi uku, kufuna kalata kapena chipolopolo. Abiti Selemani ankangoima, dengu lili pansi, n'kumuuza mwaulemu kuti alaweko, mwina ndi uchi. Ponena zimenezo nkhope yawo inali gwa. Titadutsa ankandiuza kuti tithokoze, bamboyo watithandiza kufewetsa dongo.

Masabata awiri oyamba sindinaumbe kanthu. Ntchito yanga inali kuwaza madzi padongo, kulifunditsa masamba a nthochi kuti ligone, kenako kulisinja ndi munsi pamwala wafulati n'kumachotsa timizu ndi timiyala. Ndikatopa n'kufunsa kuti kuumba tiyamba liti, ankanditumiza kukatola zitsononkho kapena kukafuna zigoba za nkhono zopalira. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo popeza nkhonozo ndinkazitola ndekha, ndiziyang'anitsitse. Ine ndinkawerenga masiku, mtima uli ku Cuamba, kuopa kuti amayi angatulukire mawa.

Tsiku lina anandiponyera mbulumwa ya dongo yonga mutu wa mwana, n'kundipatsa phale lalikulu loikapo. Anandionetsa kuboola pakati ndi chibakera, kenako kukoka khoma m'mwamba, dzanja lamanzere lili m'kati kuchirikiza, zala zakumanja zikukwera kunja. Phalelo ankalizunguza ndi chala cha kuphazi, osaliyang'ana. Khoma likafuna kutalika, ankapota dongo lina kukhala ngati chingwe chonenepa, kuliyala pamwamba n'kulifafaniza mpaka polumikizira posaoneka. Kunja ankasalaza ndi chitsononkho chonyowa, m'kati ankapala ndi chigoba, ndipo mlomo ankaumaliza ndi kansalu konyowa kopindidwa pawiri. M'manja mwawo zonsezi zinkaoneka ngati masewera. M'manja mwanga khoma linkanenepa mbali ino, kuonda mbali inayo, kenako kukhala pansi ngati munthu wotopa.

Chimene chinkandinyansa chinali chakuti dongo limene ankandipatsa linali ndi timibulu tokhakhala tokanda m'zala. Ndinkadabwa kuti mayi waukhondo chotero angasiye bwanji zinyalala m'dongo. Ndinaganiza kuti maso awo ayamba kufooka, ndipo ndinawamvera chisoni. Choncho iwo akalowa m'nyumba kukaswali, pemphero lawo la masana, ine ndinkakhala pansi n'kumatola timibuluto kamodzikamodzi, mpaka dongo langa litasalala ngati phala la mwana. Ndi dongo limenelo ndinaumba timiphika titatu toimirira bwinobwino. Ndinatikwecha ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka tinawala, ndipo ndinkatizonda m'mawa uliwonse pamthunzi pamene tinkauma.

Kuotcha kunkachitika pafupi ndi chipata, masana, asilikali akuona, chifukwa utsi wa kutchire ankauyesa chizindikiro kwa a m'tchire. Tinayala nkhuni zing'onozing'ono, kusanja miphika chozondotsa, kuifunditsa makungwa ouma ndi udzu, n'kuyatsa mbali zonse. Moto utangokolera ndinamva phuu, kenako phuu wina, kenako wachitatu. Msilikali wa kamtengo uja anadzigwetsa pansi, ndipo amayi amene anali pafupi anabisa nkhope m'mipango kuti asaoneke akuseka. Phulusa litazizira, miphika yonse ya Abiti Selemani inatuluka yamoyo. Yanga itatu inali zidutswa.

Anatola chidutswa chimodzi, kuchithyola, n'kuyang'ana m'mphepete mwake. Anangoti ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, kenako anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundionetsa kamtondo kamene sindinkaloledwa kukagwira. M'menemo munali mapale a miphika yakale, osinjidwa kukhala timibulu tija ndinkataya.

"Dongo latsopano ndi lamantha," anatero. "Silinaonepo moto. Ukaliika lokha limadzidzimuka n'kuphulika. Limafuna kukhala ndi linzake limene linapsa kale."

Ndinalira ndi manyazi, ndipo iwo anandisiya ndilire mpaka nditamaliza. Kenako anandiuza kuti nditole zidutswa zanga zonse, popeza tsopano zaona moto ndipo zili ndi ntchito. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwathandiza nzeru. Ndinaphunzira kumva ndi zala ngati khoma lafanana, kuleka dongo lipume likayamba kulefuka, ndiponso kusaumitsa mphika pamphepo. Ankanditchulabe woswa mitsuko, koma ankandisungira chinangwa chootcha m'phulusa, ndipo tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo m'Chiyao kuti kamwanaka kali ndi manja. Mawu amenewo ndinayenda nawo mlungu wathunthu. Pakuotcha kwachitatu kamphika kanga kanatuluka kathunthu. Tinakawaza madzi a makungwa kakadali kotentha, kanachita mawanga akuda, ndipo nditakagogoda ndi chala kanalira ngwee.

Pamenepo ndinati nthawi yakwana. Mango anali atayamba kumanga timbulu, kutentha kunali kutakula, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa kuotcha kwatha mpaka chaka chamawa. Ndinawauza kuti ndikufuna kuumba mtsuko waukulu. Anayankha kuti dongo lilipo, manja alipo, koma mapale palibe. M'midzi yathu yakale munthu ankangopita kudzala n'kufukula mapale a makolo ake, koma mudzi wa m'wayawu unali wadzulodzulo, wopanda dzala. Aliyense ankasamala kamphika kake ngati diso, ndipo kakasweka phale lake linkakhala lokazingira mtedza kapena lopalira moto.

Ndinathamanga kunyumba, kufukula kapulana ija pansi pa thandala, n'kubwera nayo ndikumwetulira. Ndinaona ngati Mulungu wandikonzera njira. Abiti Selemani anamasula mfundo n'kuyala mapalewo pamphasa limodzilimodzi. Anatenga la pakhosi lija, kuyang'ana kupyapyala kwake, n'kuika chala pachidindo. Anati amene anaumba mtsuko umenewu sanali munthu wamasewera, ndipo anafunsa kuti ali kuti. Ndinawauza za amayi aakulu, ndipo poti pakamwa panali patatseguka, ndinaululanso nzeru yanga yonse yofuna kupusitsa amayi. Nditamaliza anamanganso mfundo ija n'kundibwezera.

"Mapale a mwini sasinjidwa mwini asanalole," anatero. "Ndi mwambo wa ntchito ino. Ukasinja mwakuba, mtsuko wake sugwira madzi. Amayi ako abwere, anene okha ndi pakamwa pawo."

Ndinawachonderera, ndinagwada, ndinalonjeza kuwasenzera dongo mpaka ndidzakwatiwe. Sanasunthe. Kunena zoona, masiku amenewo ndinadana nawo mayi aja. Ndinajomba masiku anayi. Kawiri konse ndinafika pogwira munsi wa amayi aang'ono, mapale ali pambali, koma ndikaganiza za mtsuko wodontha pakona, amayi akuuyang'ana, ndinkausiya munsiwo. Tsiku lachisanu ndinabwerera ndekha. Sanandifunse kumene ndinali. Anangondikankhira dongo n'kunena kuti pamene tikudikira ndiphunzire kupinda phewa la mtsuko, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Ndinaumba mapewa ndi makosi osawerengeka, iwo n'kumawaphwanya dongo likadali lofewa kuti ndiyambirenso.

Amayi anafika masana ena mitambo itayamba kusonkhana cha kumapiri. Anali ataonda, koma anabwera ndi nkhani yabwino yakuti mwendo wa abambo wapulumuka, ngakhale aziyenda motsimphina. Anthu odzawalonjera atamwazikana, amayi analowa m'nyumba kuti amwe madzi. Ndinawaona ataima pakhomo, maso ali pakona pamene panali lata. Ine ndinapita kuthandala, kufukula kapulana, kudzagwada patsogolo pawo n'kuimasula. Bodza la ndege linali lokonzeka kale pakamwa, koma nditaona nkhope yawo linakana kutuluka. Ndinanena zonse, za lata, za anzanga, za kuchotsa manja.

Amayi anakhala pansi pomwepo. Anafufuza m'mapalemo mpaka anapeza la chidindo, n'kulifumbata, ndipo analira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Chichokereni ku Itepela ndinali ndisanawaonepo akulirira akulu awo. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndinaswa. Masiku awiri sanandilankhule kupatula kundituma. Ndinawauzabe, ndikuyang'ana pansi, zimene Abiti Selemani ananena za mapale.

M'mawa wa tsiku lachitatu amayi anandidzutsa n'kundiuza kuti ndinyamule kapulana ija nditsogole. Abiti Selemani anawayalira mphasa, ndipo analonjerana nthawi yaitali, kufunsana za odwala ndi za ulendo. Kenako analankhulana motsitsa m'Chiyao chothamanga chimene sindinachitole bwino. Amayi anapempha kamtondo kaja. Anasinja okha mapale onse, pang'onopang'ono, osalola wina kuwalandira, thukuta likugwera momwemo. Phale la chidindo lokha analipatula n'kulimanga pamfundo ya nsalu yawo.

Mtsuko unanditengera masiku atatu. Tsiku loyamba ndinakweza mimba n'kuifunditsa masamba kuti isaume msanga, lachiwiri ndinapinda phewa ndi khosi, lachitatu ndinauzondotsa n'kupala kunsi. Abiti Selemani anakhala pambali manja ali pamaondo, kungolankhula: apo pachepa, apo walemetsa, usathamange. Anaugwira kamodzi kokha, pamene phewa linayamba kulefuka ndipo ine ndinayamba kulira. Analowetsa dzanja m'kati n'kuchirikiza mpaka nditapuma bwino, kenako analichotsa. Pomaliza ndinafunsa ngati amayi angadinde chala chawo pakhosi, kuti chidindo chikule ngati chakale chija. Amayi anapukusa mutu n'kunena kuti amadinda ndi amene waumba. Ndinadinda changa.

Unauma masabata awiri m'nyumba, ife tikuyang'ana kumwamba m'mawa uliwonse. Tsiku lootcha kunali bata lolemera, kutali kukugunda. Tinayamba tauika padzuwa, kenako kuikamo makala pang'ono kuti uzolowere, n'kuusanja pakati pa miphika ina. Moto utakolera ndinatseka makutu ndi manja. Msilikali uja nayenso anasunthira kutali, poti anali ataphunzira. Udzu unanyeka, makungwa anagwera m'kati, ndipo sipanamveke kanthu. Abiti Selemani anaukoka ndi mtengo wautali uli wofiira, n'kundipatsa nthambi ya masamba kuti ndiuwaze ndekha madzi a makungwa. Nthunzi inandilowa m'maso. Utazizira anaugogoda, kumvetsera, n'kunena kuti woswa mitsuko wabweza umodzi.

Sunafanane ndi wakale ngakhale pang'ono. Unali wolemera, wopendekera mbali imodzi, moti pakona tinkauchirikiza ndi kamwala. Amayi anaphikamo madeya kuti ukhwime, kuutsuka, n'kuthiramo madzi, ndipo mvula yoyamba inagwa patangopita masiku anayi. M'mawa mwake ndinawaona akutunga ndi chikho. Chala chawo chachikulu chinapita pakhosi monga mwa chizolowezi, koma sichinakwane pachidindo changa. Anayesanso, kenako anaikapo kachala kakang'ono ka kumapeto, ndipo kanakwana. Anamwa, n'kunena kuti madzi ake ndi ozizira bwino. Anandipatsa chikho chomwecho kuti ndimweko.

Amayi aakulu sitinawaonenso. Nkhondo itatha tinafunsa ku Itepela, ku Mandimba, mpaka kutsidya kwa malire, osapeza amene anadziwa kumene anagona. Ife tinatsatira abambo ku Cuamba, mtsuko wopendekera uja uli pamiyendo ya amayi, ndipo Abiti Selemani anabwerera kwawo. Ndinamva za imfa yawo patapita nthawi, mwambo wonse utatha kale, ndipo zimandipweteka kuti sindinawathokoze monga munthu wamkulu. Ndi dongo lomweli ndalera ana anga onse.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti ndinaulula kwa amayi chifukwa mwambo wa oumba unanditsekera njira. Nditakula ndakhala pansi ndi oumba ambiri, Amakuwa, Ayao ndi Anyanja anzanga, ndipo ndakhala ndikufunsa za lamulo lija lakuti mapale a mwini sasinjidwa mwini asanalole. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analimvapo. Ena amaseka n'kunena kuti phale ndi phale, ukalitola panjira ndi lako. Amayi aang'ono, atakalamba, anandiuzanso kuti pansi pa kama wa Abiti Selemani panali dengu lodzaza mapale, lokwanira mitsuko isanu. Phale la chidindo lija ndili nalo ine tsopano, ndipo mwana wa mnansi akabwera kudzaphunzira atabisa kanthu kumbuyo, ndimamuuza lamulo lomwelo, nkhope ili gwa.